Kumene Nkhani Zathu Zimachitikira: Mbiri ya Malo m'Mabuku a Alembi a ku Malawi

M'chaka cha 1933, mphunzitsi wa pa mishoni ya Nkhoma, a Samuel Josia Ntara, adapambana mpikisano wa zolembalemba womwe unkakonzedwa ndi bungwe la ku London lotchedwa International Institute of African Languages and Cultures. Buku lawo lidali la m'Chinyanja, mutu wake Nthondo. Chaka chotsatira m'busa wakale wa mishoni ya Livingstonia, a T. Cullen Young, adalimasulira m'Chingerezi, ndipo anthu a ku Ulaya omwe sadapondeko kuno adawerenga za moyo wa m'mudzi wa Achewa kuchokera kwa mwana wa m'mudzi momwemo. Ambiri akamalongosola mbiri ya nthano zazitali za dziko lino amayambira pamenepa.

Kuchokera nthawi imeneyo papita zaka zoposa 90, ndipo m'zaka zonsezi alembi athu akhala akulimbana ndi funso looneka laling'ono: kodi nkhaniyi ikuchitikira kuti? Kusukulu ana amaphunzitsidwa kuti malo ndi chimodzi mwa zipangizo za nkhani, nalemba yankho la mzere umodzi pamayeso. Koma yankho lenileni lakhala likusintha pamodzi ndi dziko. Idalipo nthawi yomwe mudzi unkalembedwa ndi munthu woudziwa mpaka kuseri kwa nkhokwe. Idadza nthawi yomwe mudzi unkaonedwa ndi maso a wapaulendo. Kenaka idafika nthawi yomwe kutchula dzina la boma kapena la ndende kukadatha kumugonetsa munthu m'chitokosi. Msonkho, migodi, chipani chimodzi ndi demokalase, chilichonse chidasintha m'mene alembi ankatchulira kapena kubisira kwawo.

Mudzi wa a Ntara

Makina osindikizira mabuku adabwera ndi amishoni: ku Blantyre, ku Livingstonia, ku Likoma, ku Nkhoma, pambuyo pake ku Likuni. Poyamba ankasindikiza mawu a Mulungu, nyimbo ndi mabuku a m'kalasi. Koma mwana akadziwa kuwerenga amafuna chowerenga, ndipo aphunzitsi, omwe adali ophunzira a nthawiyo, ndiwo adayamba kutseka mpatawo.

Nthondo ndi mbiri ya munthu mmodzi kuyambira kubadwa kufikira imfa. Mnyamatayo amakula movuta, amaba, amasowetsa anthu mtendere, amachoka kwawo kukafuna ntchito, amabwerera, amalowa ufumu, ndipo pamapeto pake amatembenuka mtima nkukhala Mkhristu. Mathero amenewa sadabwitsa, pakuti mwini makina adali mishoni. Chomwe chasunga bukuli mpaka lero ndi mudzi womwe uli m'kati mwake. Kubadwa kwa mwana, maliro, ukwati ndi milandu ya pabwalo zimayenda monga zinkayendera m'midzi ya chigawo chapakati. Mlembi amalankhula kwa anthu odziwa kale ntchito ya nkhoswe, odziwa chifukwa chomwe mawu a malume amalemerera kuposa a bambo wobereka, odziwa kuti mlandu sutha nyakwawa zisadalankhule. Mukachotsa zinthu zimenezi nkhaniyo imagwa, chifukwa ndizo zimakankha Nthondo kuchita zomwe amachita.

A Ntara sadalekere pomwepo. Adalemba Nchowa, komanso Mbiri ya Achewa, momwe adasonkhanitsa zomwe akuluakulu ankakumbukira za Kalonga, za Undi, za Kaphirintiwa, za Msinja ndi za Mankhamba. Kwa iwo kupeka nkhani ndi kusunga mbiri zidali ntchito zoyendera limodzi. A John Gwengwe adatsata njira yomweyo ndi Kukula ndi Mwambo m'zaka za m'ma 1960.

Mudzi umenewu sunkathera pamalire a atsamunda. Mu 1948 maboma a Nyasaland ndi Northern Rhodesia adakhazikitsa ofesi imodzi yotulutsa mabuku a m'zinenero za kuno, likulu lake ku Lusaka. Motero buku lolembedwa ku Dowa linkawerengedwa ku Fort Jameson, komwe lero ndi ku Chipata, ndi m'makomboni a ku migodi ya kopa. Pambuyo pa ufulu, a Julius Chongo adapitiriza mwambowo pa wailesi ya ku Zambia ndi pulogalamu yawo ya Poceza m'Madzulo, yomwe inkamvedwa mbali zonse ziwiri za malire. Owerenga ndi omvera a Chinyanja adali ndi dziko lawolawo lokulirapo kuposa lojambulidwa pamapu.

Msewu wopita kummwera

Ngakhale Nthondo sadakhazikike pamudzi. Palibe mlembi woona wa nthawi imeneyo akadalemba mudzi wodzaza amuna, chifukwa amuna kudalibe. Msonkho wa nyumba womwe boma la atsamunda lidakhazikitsa m'zaka za m'ma 1890 unkafuna ndalama, ndipo ndalama idali kutali. Ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Chiradzulu kudali thangata pa minda ya azungu. Kwina konse kudali ulendo: wapansi kupita ku Salisbury, wa Mthandizi kupita ku mafamu a ku Southern Rhodesia, wa Wenela kupita ku migodi ya golide ya ku Johannesburg. Ena ankabwerako ndi sutikesi, njinga ndi galamafoni. Ena ankatchona, mkazi nkukalamba akuyang'ana kunjira. Ulendo wa Wenela udaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown nkupha Amalawi oposa 70 omwe ankabwerera kwawo, koma pofika apo unali utaumba kale maganizo a mibadwo itatu.

Udaumbanso nkhani. Munthu amachoka, amakaona zakunja, amabwerera kapena kulephera kubwerera: umu ndi momwe nkhani zambiri za Amalawi zimayendera mpaka lero. Sikusinja ndi Gwenembe ya a Gwengwe idatenga nthano yakale ya mbalame youlula chinsinsi cha wakupha mnzake, nkuiika pa ulendo wokasaka chuma. Mu 1989 a James Ng'ombe adatulutsa Sugarcane with Salt, momwe wobwererayo salinso wa kumgodi koma dokotala, Khumbo Dala, wochokera kumaphunziro ku England, yemwe amapeza banja la kwawo litasweka. Zovala zidasintha, koma funso lidali lomwe lija: kodi kwanu kumakudikira?

Palibe adayenda msewu umenewu kuposa a Legson Kayira a m'mudzi wa Mpale, kufupi ndi Nthalire m'boma la Chitipa. Mu 1958, atamaliza sukulu ku Livingstonia, adanyamuka wapansi kulowera kumpoto atatenga kankhwangwa, bulangeti, Baibulo ndi buku la Pilgrim's Progress, cholinga chili chokaphunzira ku America. Adadutsa Tanganyika ndi Uganda, nafika ku Khartoum patatha zaka ziwiri atayenda makilomita oposa 3,000. Adaphunziradi ku Skagit Valley College, ku University of Washington ndi ku Cambridge, ndipo ulendowo adaulemba m'buku la I Will Try mu 1965. Koma atakhala pansi kuti apeke nkhani, mtima udabwerera kumudzi. The Looming Shadow ya mu 1967 ndi nkhani ya kunenerana ufiti m'mudzi. Jingala ya mu 1969 ndi ya mkulu wina wopuma pantchito yotolera msonkho, yemwe amatulutsa mwana wake Gregory pasukulu atamva kuti mwanayo akufuna unsembe.

Tikaika Jingala pambali pa Nthondo timaona chifukwa chomwe malo alili ofunika m'nkhani. Kumpoto, komwe kuli malowolo, mkazi amatsata mwamuna, ana ndi a bambo, ndipo dzina la banja limapitirira kudzera mwa mwana wamwamuna. Mwana mmodzi yekhayo akasankha unsembe, bambo amaona mzere wake ukuthera pa iye, ndipo ukali wa Jingala umamveka. M'midzi yambiri ya pakati ndi kummwera, komwe kuli chikamwini, mwamuna ndiye amakakhala kwa mkazi, ana ndi a mbumba, ndipo mwini mbumba ndi malume. Kumeneko nkhani yomweyi ikadayenda mwina: wokwiya akadakhala wina, mlandu ukadapita kwina, ndipo misozi ikadagwera pakhomo lina. Imfa ya mwamuna ku Mzimba ndi imfa ya mwamuna ku Dedza zimabala nkhani ziwiri zosiyana, chifukwa wotsala pamunda ndi wolongedza katundu si munthu mmodzi. Mlembi wosadziwa zimenezi angalembe ziganizo zokoma, koma atengambali ake amangoyandama.

Msewu udabweretsanso vuto lake. Popeza nkhani idali ya kuchoka ndi kubwerera, mapu adatsala ndi malo awiri okha: mudzi, komwe kuli mwambo, ndi tauni, komwe kuli chionongeko. Mabuku a Chichewa a m'zaka za m'ma 1980, monga Njala Bwana ya a Willie Zingani, Mtima Sukhuta ya a Jolly Max Ntaba ndi Wachitatu Nkapasule ya a Whyghtone Kamthunzi, adakondedwa chifukwa ankalankhula chinenero cha anthu ndi kukhudza mavuto awo. Koma m'nkhani zambirimbiri za m'nyuzipepala ndi za pawailesi zomwe zidatsatira, mudzi udasanduka mudzi uliwonse ndipo tauni idasanduka tauni iliyonse. Mtsikana ankachoka kumudzi wopanda mtsinje, wopanda phiri, wopanda mbewu yodziwika, nkukaonongekera m'tauni yopanda msewu wotchulika. Phunziro linkamveka, koma dziko silinkaoneka.

Mayina abisika

Kusowa kwa mayina kudali ndi chifukwa china chachikulu kuposa chizolowezi. Ufulu utangobwera mu 1964, nduna zidasemphana ndi Dr. Hastings Kamuzu Banda, ndipo ophunzira ambiri adathawa. Mu February 1965 a Henry Masauko Chipembere adaukira boma kuyambira ku Fort Johnston, komwe lero ndi ku Mangochi. Mu 1966 dziko lidakhala la chipani chimodzi. Mu 1968 kudabwera lamulo lokhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi zisudzo, la Censorship Board. Kuyambira pamenepo malo adayamba kukhala ndi mtundu wa ndale. Kutchula Mangochi kudali kukumbutsa za kuukira. Kutchula Dzeleka kapena Mikuyu kudali kuvomereza kuti kuli anthu otsekeredwa popanda mlandu. Kulemba za njala m'boma lodziwika kudali kutsutsa mawu akuti aliyense ali ndi chakudya, zovala ndi nyumba yosadontha.

Alembi adapeza pobisala. No Easy Task ya a Aubrey Kachingwe, yomwe idatuluka mu 1966, imachitikira m'tauni yopeka ya Kawacha, komwe mtolankhani Jo Jozeni amaonera ndale za kumapeto kwa utsamunda. A David Rubadiri, kazembe woyamba wa Malawi ku America ndi ku United Nations, atatula pansi udindo mu 1965 adakakhala ku Uganda, ndipo buku lawo la No Bride Price lidasindikizidwa ku Nairobi mu 1967 losatchula Malawi. Mu The Detainee ya mu 1974, a Kayira adalemba za munthu wa kumudzi wopita kutauni kukafuna chithandizo cha kuchipatala, yemwe amagwa m'manja mwa anyamata a chipani m'dziko lolamulidwa ndi Sir Zaddock. Aliyense ankadziwa dziko lake, koma papepala silidalembedwe. A Kayira adakhala ku England mpaka imfa yawo mu 2012.

Buku lomwe lidaonetsa bwino luso lobisa dzina koma osabisa malo ndi Smouldering Charcoal ya a Paul Tiyambe Zeleza, omwe adabadwira ku Salisbury mu 1955, mwana wa msewu uja wopita kummwera. Bukuli lidatuluka mu 1992, chaka chomwe maepiskopi a Katolika adatulutsa kalata yawo ya m'nyengo ya Lenti. Dziko silitchulidwa, ndipo wolamulira amangotchedwa mtsogoleri. Koma Mchere, wantchito wa ku bekare, ndi mkazi wake Nambe amakhala m'komboni yotchedwa Njala, m'nyumba ya makoswe ndi ngongole, ndipo aliyense yemwe adachitapo lendi m'makomboni a Blantyre amaizindikira. Apa pali phunziro: dzina lopeka palokha silichotsa kanthu. Umuofia ya Chinua Achebe ndi Ilmorog ya Ngugi wa Thiong'o sizipezeka pamapu, koma dothi lake ndi lenileni. Chomwe chimapha nkhani ndi mlembi wosadziwa chomwe anthu a pamalopo amadya, amaopa ndi kukangana.

Chaka cha 1968 chidabweretsanso kusintha kwina. Msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress udagamula kuti Chichewa chikhale chinenero cha fuko pamodzi ndi Chingerezi, ndipo Chitumbuka chidachotsedwa pawailesi ndi m'sukulu. A Banda ankakonda mwambo wa kumudzi kuyambira kale. Mu 1946 adathandizana ndi a Cullen Young omwe aja kutulutsa buku la Our African Way of Life. Chichewa chidapindula: chidapeza kalembedwe kokhazikika, bungwe lochisamala, ndi owerenga m'dziko lonse. Koma alembi monga a D.D. Phiri a ku Mzimba, omwe ankalemba nkhani m'Chitumbuka, adatsala opanda msika, ndipo Chiyao, Chilhomwe, Chisena, Chitonga ndi Chinkhonde sizidapeze mpata wokula papepala. Pamene aphunzitsi ochokera kumpoto adalamulidwa kubwerera kuchigawo chawo mu 1989, zidaonekeratu kuti funso lakuti kwanu nkuti lasanduka msampha. Mlembi wanzeru ankalizemba.

Phiri lilankhula

Pomwe nthano zazitali zidatseka pakamwa, ndakatulo ndi zisudzo zidapeza njira ina. Mu 1970 ophunzira ndi aphunzitsi a pa Chancellor College adayambitsa gulu la alembi la Writers Group, momwe mudadutsa a Jack Mapanje, a Lupenga Mphande, a Frank Chipasula, a Ken Lipenga, a Anthony Nazombe ndi ena. Koleji itasamukira ku Zomba mu 1973, alembiwa adakhala patsinde pa phiri lodzaza mbiri, ndipo adaona kuti zomwe sizinganenedwe za munthu zinganenedwe za phiri. A Mapanje adalemba za dzenje la Chingwe la pamwamba pa phirilo, momwe anthu amati kale munkaponyedwa anthu. Buku lawo la Of Chameleons and Gods lidatuluka mu 1981, ndipo iwo adatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu.

Amene adazamitsa njira imeneyi ndi a Steve Chimombo, mbadwa ya ku Zomba. Iwo adatenga Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chomwe anthu amati chikamasamuka kupita kunyanja chimagumula nthaka. Anthu a ku Zomba sadachimve m'nthano chabe. Mu December 1946 mvula idagwa kosalekeza, phiri lidang'ambika, ndipo madzi osakanikirana ndi matope, miyala ndi mitengo adatsika usiku nkukokolola milatho ndi nyumba. M'mawa mwake padatsala mkwasa wofiira pankhope ya phiri, woonekera kutali. A Chimombo adaona kuti mphamvu yobwera mosayembekezereka, yosasankha wolakwa, yosiya anthu akunong'onezana, ndi chithunzi cha nthawi yomwe ankakhalamo. Ounika mabuku akadati chiyani pa nkhani ya chinjoka? M'sewero la The Rainmaker adapitanso ku mbiri ya M'bona, yemwe kachisi wake ali ku Khulubvi m'boma la Nsanje. Mu March 1991 Napolo adadutsa ku Phalombe, ndipo mu March 2023 namondwe wa Freddy adagumula mapiri ku Soche, ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe nkupha anthu mazanamazana. Dzina lomwe lidabwera pakamwa pa anthu lidali lomwelo. Mlembi yemwe wakumba mozama pamalo amodzi amapeza mawu omwe anthu adzawafunabe iye atapita.

Ufulu wopanda makina

Riferendamu ya mu June 1993 ndi chisankho cha mu May 1994 zidachotsa mantha. Chitumbuka chidabwerera pawailesi, ndipo zinenero zina zidatsatira. Mu 2000 a Chimombo adatulutsa The Wrath of Napolo, yofukula nkhani ya sitima yomwe idamira panyanja, potengera za Vipya yomwe idamira mu July 1946 kufupi ndi Chilumba nkupha anthu 145. Ngakhale apo dzikolo adalitcha Mandania. Chizolowezi cha zaka 30 sichitha ndi voti imodzi.

Padabukanso zovuta ziwiri zatsopano. Choyamba, osindikiza mabuku adathamangira mabuku a sukulu, komwe kuli ndalama, ndipo nthano zazitali zidasowa mwini. Nkhani zopeka zidathawira m'masamba a kumapeto kwa sabata a Malawi News ndi Weekend Nation, kuphatikizapo a Chichewa a Tikambe ndi Tamvani. Masamba amenewa alera alembi ambiri ndipo ayenera kuyamikidwa, koma tsamba limodzi limangokwana chiyambi, mkangano ndi mathero. Malo ndiwo amayamba kudulidwa. Chachiwiri, zotsatira za chisankho cha 1994 zidagawika motsata zigawo: a Chakufwa Chihana kumpoto, a Banda pakati, a Bakili Muluzi kummwera. Kuyambira pamenepo, kuonetsa kukonda kwanu kudayamba kumveka ngati tsankho, ndipo alembi ena adasankha kulemba za Mmalawi wopanda boma lochokera kuti asakhumudwitse aliyense.

Komabe m'badwo watsopano wayesa njira zosiyanasiyana. A Stanley Onjezani Kenani a ku Kasungu adafika m'ndime yomaliza ya mphotho ya Caine kawiri, mu 2008 ndi mu 2012. Nkhani yawo ya Love on Trial imachitikira m'mudzi wa Chipiri, momwe mphekesera ya pamowa imakula mpaka kugwedeza dziko lonse. A Shadreck Chikoti, mu Azotus the Kingdom, adalumpha zaka 500 kupita kutsogolo, kumene anthu amakhala otsekeredwa m'nyumba zawo osadziwa zakunja. Mayi Walije Gondwe, omwe Love's Dilemma yawo idatuluka mu 1985, adatsegulira njira alembi aakazi omwe lero akuchuluka. Ndipo buku la ku Malawi lomwe lawerengedwa kwambiri kunja m'zaka zaposachedwa, The Boy Who Harnessed the Wind la a William Kamkwamba ndi Bryan Mealer, ngakhale si lopeka, lidakopa anthu chifukwa silidabise Wimbe: njala ya 2001 ndi 2002, gaga wogulitsidwa pamsika, dzala la zitsulo zakutha, laibulale yaing'ono ya pasukulu. Filimu yake ya mu 2019 idajambulidwa komweko, mbali yaikulu m'Chichewa. Kwa anansi athu ku Zambia, Namwali Serpell adaika komboni ya Kalingalinga ya ku Lusaka pakati pa The Old Drift, ndipo owerenga a kutali sadadandaule kuti dzinalo ndi lovuta.

Tikapanda kulemba malo athu, ena amawalemba. Paul Theroux, yemwe adaphunzitsa ku Soche Hill nathamangitsidwa m'dziko muno mu 1965, adatulutsa The Lower River mu 2012, nkhani yochitikira ku chigwa cha Shire. Chigwa cha m'bukumo ndi cha mlendo wogwidwa mantha pakati pa anthu omudyera. Ali ndi ufulu wolemba zomwe adaona. Chopweteka nchakuti owerenga ambiri a kunja alibe buku lina la kuchigwako loti aliike pambali pake.

Zomwe zikudikira mlembi

Chigwa chimenecho chili ndi nkhani zosawerengeka. Boma limauza anthu a ku Makhanga kuti asamukire kumtunda, iwo nkumabwerera, ndipo wa kutauni amati ndi kusamva. Koma madzi akaphwa amasiya dothi lomwe limabereka chimanga, mbatata ndi nyemba popanda feteleza, pomwe kumtunda munthu ndi mlendo wopempha malo kwa mfumu ya eni. Manda a makolo ali kumunsi. Chaka cha njala amayi amalowa m'dambo kukazula nyika, akudziwa kuti m'madzimo muli ng'ona. Wodwala amaoloka pabwato pa Mtayamoyo kuti akafike ku Bangula. Mayi woyeza zonsezi usiku, madzi akukwera, ali ndi nkhani yomwe lipoti la bungwe lililonse silingainene.

Kunyanja nakonso. Dzuwa likamalowa, siginala amatsogola pabwato lake la nyali, anzake akutsatira ndi chilimira. Iye ndiye amawerenga madzi, nadziwa pomwe usipa wasonkhana, ndipo akalakwitsa onse amabwerako chimanjamanja. Kukacha, amayi ogula nsomba ali kale padoko ndi mabeseni, ndipo mtengo umapangidwa mwa mawu ochepa, ngongole za dzulo zikukumbukiridwa. Usipa umayanikidwa pathandala. Mwera ukaomba m'miyezi yozizira, mabwato amagona pamchenga ndipo mudzi wonse umadya ngongole. Ilala yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, ikutsitsa anthu, mbuzi ndi malata ku Likoma, ku Nkhata Bay ndi ku Usisya. Ndi nthano zazitali zingati zomwe zidakwerapo sitima imeneyi? Onjezanipo othyola tiyi a ku Thyolo m'chiperoni, alimi a fodya a ku Kasungu odikira malonda ku okushoni, osula mbaula a ku Ndirande m'mbali mwa Nasolo, ndi anyamata a ku Mangochi ndi ku Mzimba omwe lero akukwera basi ya ku Joni, msewu womwe uja wa agogo awo.

Masiku ano mitundu ikudzikumbukira kudzera m'miyambo ya pachaka: Kulamba ku Mkaika, Umthetho ku Hora, Gonapamuhanya ku Bolero, Mulhako wa Alhomwe kwa Chonde. Nzabwino, koma zikondwerero zimaonetsa zovala ndi magule a tsiku limodzi, ndipo andale amakonda kukhala kutsogolo. Nkhani yopeka ndiyo imalowetsa munthu m'nyumba ya mnzake masiku ena onsewo, nkumuonetsa chomwe chimamusowetsa tulo. Akuluakulu adati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka, ndipo mlembi wokonda kwawo sakunyoza kwa wina. Tsankho limakula pomwe anthu amadziwana ndi mphekesera zokha.

Choncho mlembi wa lero atchule malo ake molimba mtima, ndipo ngati wasankha dzina lopeka, adziwe mbewu, mphepo ndi milandu ya pamalopo. Akonzi ndi aphunzitsi alole msodzi wa ku Nkhata Bay alankhule Chichewa chonunkhira Chitonga, ndi mayi wa ku Nsanje aponyemo Chisena chake, m'malo mowongola aliyense kuti amveke ngati wowerenga nkhani pawailesi. Osankha mabuku a m'sukulu afunse ngati mndandanda wawo ukufika ku Chitipa ndi ku Nsanje komwe. Ntchitoyi njofulumira, chifukwa omwe adakwera ndege za Wenela, omwe adalima thangata ndi omwe adagona ku Mikuyu akutha. Mwana wa ku Dedza yemwe wakhala masamba 200 m'nyumba ya ku Karonga, nalira maliro a kumeneko, adzavuta kumunamiza pamsonkhano wa kampeni kuti anthu a uko ndi adani ake.